Funso Limodzi la make

M'chaka cha 1976, ku Bell Labs m'tauni ya Murray Hill ku New Jersey, katswiri wa mapulogalamu Steve Johnson adatha m'mawa wonse akusakasaka cholakwika m'pulogalamu yomwe inalibe vuto lililonse. Vutolo anali atalikonza kale. Chidamusokoneza n'chakuti fayilo yomwe adakonzayo inali isanasandutsidwe kukhala chilankhulo chomwe makina amamva, ndiye iye ankangoyendetsa pulogalamu yakale ija n'kumadabwa kuti bwanji sikusintha. Adakalowa mu ofesi ya mnzake Stuart Feldman atapsa mtima. Feldman nayenso zomwezo zinali zitamuchitikira dzulo lake madzulo. Sabata imeneyo isanathe, chida chotchedwa make chinali chitabadwa.

Chomwe chimandigometsa ndi kuchepa kwa nzeru yomwe Feldman adasankha. Poyamba ankalingalira zopanga chida chachikulu chounika momwe mafayilo onse amadalirana. Adazisiya. Chomwe chidatsala ndi funso limodzi lokha: pakati pa chinthu chomwe tikufuna kupanga ndi zinthu zomwe chimapangidwa nazo, chatsopano ndi chiti?

Malangizo ake amalembedwa m'fayilo yotchedwa Makefile, yomwe imakhala m'foda imodzi ndi ntchito yonse. Lamulo lililonse liri ndi mbali zitatu: dzina la chomwe chikupangidwa, mayina a zomwe chimadalira, kenaka mzere wa zoyenera kuchita. Mukalemba kuti pulogalamu imadalira main.o ndi mawu.o, ndipo main.o imadalira main.c, make sayamba ndi kugwira ntchito. Amayamba ndi kuyang'ana nthawi yomwe fayilo iliyonse idasinthidwa komaliza. Akapeza kuti main.c ndi yatsopano kuposa main.o, amapanganso main.o, ndipo popeza main.o yasintha, amalumikizanso pulogalamu yonse. Fayilo ya mawu.o, yomwe palibe waikhudza, amangoisiya pomwe ili. Ngati palibe chasintha, amakuuzani kuti palibe chochita, basi.

Amisiri omanga nyumba amadziwa kuti njerwa imodzi ikasweka sugwetsa khoma lonse. Komabe makompyuta ambiri a nthawi imeneyo ankagwiritsidwa ntchito motero: munthu ankalemba mndandanda wa malamulo omanga chilichonse kuyambira pachiyambi, apo ayi ankadalira mutu wake kukumbukira chomwe wasintha. Njira yoyamba imadya nthawi, yachiwiri ndi yomwe idamugwetsa Johnson. Luso la Feldman lagona poti wolemba Makefile safotokoza dongosolo la ntchito, amangofotokoza ubale wa mafayilo. Dongosolo amalipeza make yekha, ndipo n'chifukwa chake mtundu wa GNU Make, womwe adaulemba Richard Stallman ndi Roland McGrath, umatha kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi mukauuza kuti -j8. Umadziwa kale ziti sizidalirana.

Chilema chilipo, ndipo anthu a ntchitoyi amachidziwa bwino. Mzere wa zochita uyenera kuyamba ndi tab, osati mipata wamba. Ndi maso simungasiyanitse ziwirizi. Mukalakwitsa, GNU Make amangoti missing separator, n'kukusiyani mukukanda mutu. Feldman mwiniwake adavomereza kuti posakhalitsa adaona kuti sadasankhe bwino, koma panali kale anthu pafupifupi khumi ndi awiri omwe ankagwiritsa ntchito chidacho, ndipo sadafune kuwasokonezera mafayilo awo. Chifukwa cha anthu ochepa amenewo, mamiliyoni akhala akupunthwa pa tab kwa zaka pafupifupi makumi asanu. Ine sindimudzudzula. Munthu yemwe adaopa kuphwanya ntchito ya anzake ndi yemweyo adapanga chida chokana kugwetsa zomwe zamangidwa kale.

Masiku ano ambiri samuonanso make. Mu Visual Studio Code, munthu amalemba kafayilo ka tasks.json m'foda ya .vscode, n'kumangodina Ctrl+Shift+B, pulogalamu n'kumangidwa. Mu Eclipse, olemba mapulogalamu m'chilankhulo cha C amatha kusiyira chidacho kuti chiwalembere Makefile. Kwabwera zida zina monga Ant, Maven, CMake ndi Ninja, chilichonse ndi malonjezo ake, koma mukasenda chikopa mumapeza nkhani yakale ija ya chomwe chikudalira chinzake. Kernel ya Linux, ndi mafayilo ake zikwizikwi, imamangidwabe ndi make mpaka lero.

Bungwe la ACM lidapatsa Feldman mphotho ya Software System Award ya chaka cha 2003 chifukwa cha chida chimenechi. Inu amene mwazolowera kungodina batani, tsiku lina tsegulani Makefile ya ntchito yanu muiwerenge mzere ndi mzere, koma tab ija musaikhudze.