Tomato safiira tsiku limodzi: mlandu wanga ndi timabuku ta mitundu

Ndili ndi mlandu ndi timabuku ta ana tophunzitsa mitundu ya zinthu, timene makolo amagula motchipa cha ku Msika wa Tsoka ndi m'makhonde a masitolo a ku Old Town, ndipo timadzaza mashelefu a sukulu za mkaka za ku Area 10 ndi Area 47. Tsamba lililonse lili ndi chithunzi chimodzi ndi liwu limodzi: apulo ndi red, nthochi ndi yellow. Mwana wa zaka zinayi amaloweza msanga, makolo n'kumuwombera m'manja. Chizungu chakecho sindikudana nacho. Vuto ndi lakuti timabukuti timauza mwana kuti mtundu ndi dzina lomamatira pa chinthu, pamene Chichewa chimanena zina.

M'Chichewa mawu akuluakulu a mitundu ndi aneni: kuyera, kuda, kufiira, kubiriwira. Popeza ndi aneni, amatenga nthawi. Tomato akufiira, wafiira, adzafiira mawa. Kunja kwada. Mvula ikagwa mu Disembala, tchire limabiriwira. Timawaphatikizanso n'kupeza kuyeretsa, kudetsa ndi kufiiritsa, kusonyeza kuti pali wina kapena china chimene chasintha chinthucho. Mwana akafunsa kuti, "Amama, bwanji mango awa sanafiire?" galamala yeniyeniyo yamutsegulira kale njira ya ku dzuwa, ku nyengo ndi kukupsa kwa chipatso. Kabuku kaja kalibe yankho, chifukwa apulo wake adabadwa ali red ndipo adzafa ali red.

Ndimamva anthu ophunzira akunena kuti, "Aaa, Chichewatu n'chosauka, chilibe buluu, chilibe pinki." Ena amatchulanso buku la Brent Berlin ndi Paul Kay la 1969, Basic Color Terms, limene lidawerenga mawu oyambira a mitundu khumi ndi limodzi m'Chingerezi, n'kuonetsa kuti zinenero zokhala ndi mawu atatu okha zimakhala ndi choyera, chakuda ndi chofiira. Koma awiriwa ankawerenga mawu oyambira okha basi, osati zonse zimene anthu amatha kunena. Ife zotsalazo timazinena pofanizira ndi chilengedwe: chachikasu kuchokera ku muzu wa chikasu, chamtambo, chotuwa ngati phulusa. Liwu lililonse pamenepa lili ndi chinthu kumbuyo kwake chimene mwana angachione kapena kuchigwira.

Ndiye pali mvekero, umene Clement Doke adaulongosola bwino mu 1935 polemba za zinenero za Chibantu. Makala ali bii, maso ali psuu, ufa woyera uli mbee, miyendo yosadzola ili mbuu, dimba lili biriwiri. Onani kusiyana kwa mbee ndi mbuu: koyamba n'kuyera kosiririka, kwachiwiri n'kutuwa kwa fumbi. Ana amakonda mawu otere chifukwa amakoma m'kamwa, koma m'timabuku tija mulibe malo ake.

Kunena chilungamo, timabukuti tili ndi ubwino wake. Mapepala ake ndi olimba, zithunzi zake n'zowala, ndipo mwana adzafunadi mawu a Chingerezi akafika ku pulayimale. Ngakhale amalonda a pa Tsoka pomwepo amati "malaya a pinki," ndipo ine sindiona cholakwa, popeza kubwereka mawu ndi khalidwe la chinenero chilichonse chamoyo. Chondidetsa nkhawa ndi mwana wodziwa kunena "ya red" koma wosamva akauzidwa kuti nthochi zayamba kupsa, kapena kuti mbendera yathu ya 1964 ili ndi chakuda, chofiira ndi chobiriwira.

Inu ophunzira za zinenero, ntchito ndi imeneyi. Kabuku kabwino ka mitundu m'Chichewa sikangakhale komasulira chabe ka Chizungu kaja. Kayenera kukhala ndi tomato mmodzi pa masamba anayi: wobiriwira, akuyamba kufiira, ali psuu, kenako wawola wada bii. Amene akufuna zitsanzo awoloke mtsinje wa Lilongwe kuchokera pa Tsoka kupita pa Lizulu, akamvetsere mmene amayi ogulitsa ndiwo zamasamba amalankhulira za katundu wawo.