Ndondomeko ya 2021 yozindikirira CJD yafulumira pamene inayenera kuchedwa

Mu 2021 magazini ya The Lancet Neurology inasindikiza nkhani ya Peter Hermann, Inga Zerr ndi anzawo a m'maiko angapo, yofotokoza mmene dokotala angazindikirire matenda a Creutzfeldt-Jakob, omwe ambiri amangowatchula kuti CJD. Matendawa amayamba puloteni wina wa mu ubongo, wotchedwa prion, akapindika molakwika n'kuyamba kupotoza anzake abwinobwino, mpaka ubongo kuchita timabowo ngati chinkhupule. Wodwala amayamba kuiwala, kudzandira, kunjanja mwadzidzidzi, kenako kulephera kulankhula ndi kusuntha. Ambiri amamwalira chaka chisanathe, ndipo mankhwala ochiza palibe. Amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1 miliyoni pa chaka, ndipo pafupifupi 85 mwa odwala 100 alionse amangowayamba okha, osatengera kwa makolo kapena kwa wina aliyense.

Nkhaniyi ili ndi mphamvu yake ndipo tiyenera kuivomereza. Ndondomeko ya WHO ya 1998 inkadalira EEG ndi puloteni wa 14-3-3 wopezeka m'madzi a pamsana. Mu 2009 anaonjezerapo MRI. Chimene chasinthadi zinthu ndi njira ya RT-QuIC, imene akatswiri a ku Nagasaki anaionetsa mu 2011: amasakaniza madzi a pamsana a wodwala ndi puloteni wabwinobwino, n'kumagwedeza, kuti aone ngati wabwinoyo ayambe kupindika. Kwa nthawi yoyamba tikuyeza chimene chimayambitsa matendawo. Njirayi siikonda kunamizira munthu amene alibe CJD, ndipo olembawo sanalakwe poiika patsogolo.

Vuto lili pa mfundo ina yaifupi imene yaikidwa kumapeto kwa zoyenereza, yoti matenda ena onse akhale atafufuzidwa n'kupezeka kuti palibe. Pa pepala ndi mawu ochepa. Mu wodi ndi ntchito yonse. Ndipo pali umboni woti ngakhale kumene zipangizo zili zokwanira, mfundoyi imadumphidwa. Mu 2011 Chitravas ndi anzake anafalitsa mu Annals of Neurology zimene anapeza atayeza ubongo wa anthu 1,106 omwalira akuganiziridwa CJD ku United States. Mwa amenewa, 352 analibe matenda a prion. Mwa 304 amene ubongo wawo unayezeka bwino, 71 anali ndi matenda amene akanatheka kuchizidwa: ena chitetezo cha m'thupi chinkaukira ubongo, ena khansa, ena tizilombo. Anthu amenewa anaikidwa m'manda ndi dzina la matenda osachizika pamene chithandizo chinalipo.

Ngati zili choncho ku America, nanga kuno? Umboni wambiri umene ndondomekoyi yaimapo ndi wochokera ku Ulaya, North America, Japan ndi Australia, kumene wokalamba woiwala mwamsanga kawirikawiri amakhala ndi Alzheimer kapena vuto la mitsempha ya magazi. Wodwala wofika pa chipatala cha boma ku Malawi atasokonezeka mutu kwa masabata asanu ndi limodzi ndi munthu wina. Choyamba kuganizira ndi HIV ndi zobwera nazo: matenda oumitsa khosi a cryptococcus, TB ya mu ubongo, toxoplasmosis. Pali chindoko chimene chafika ku ubongo, chomwe penisilini amagonjetsa. Pali kaodzera kwa munthu wochokera ku Rumphi kapena ku Nkhotakota. Pali pellagra, kuperewera kwa niacin kwa anthu odalira chimanga chokha, imene kafukufuku wa kuno wofalitsidwa mu 2022 anaigwirizanitsa ndi kumwa isoniazid wopewera TB. Zonsezi zingaoneke ngati kuiwala kothamanga, zonsezi zimachizika, ndipo zingapo zimayezedwa ndi zipangizo zotsika mtengo. Kayezedwe ka CrAg kamapereka yankho m'mphindi pafupifupi khumi.

Apa ndi pamene kusunga 14-3-3 pa mndandanda wa zizindikiro zothandiza kukundikayikitsa. Puloteni ameneyu amakwera pamene maselo a ubongo akufa mofulumira pa chifukwa chilichonse: sitiroko, kukomoka kosalekeza, kutupa kwa ubongo. Ophunzira athu a za umoyo wa anthu amadziwa kuti kudalirika kwa yankho loti "alipo" kumatengera kuchuluka kwa matendawo pakati pa oyezedwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, theka lawo osafika zaka 18, pamene CJD imakonda anthu a zaka za m'ma 60. Ndiye ngakhale titatenga chiwerengero cha dziko lonse lapansi, odwala enieni sangapose makumi ochepa pa chaka, pomwe odwala matenda a tizilombo mu ubongo amagonekedwa tsiku lililonse. M'malo otere, 14-3-3 wokwera nthawi zambiri akuloza ku chinthu china. Dokotala wamng'ono amene waloweza mndandandawo osaloweza masamu amenewa angasiye kufufuza pa nthawi imene anayenera kulimbikira.

MRI nayo siili chimodzimodzi paliponse. Chizindikiro chimene ndondomekoyi imafuna ndi kuwala kwa caudate ndi putamen, kapena kuwala kotsata m'mphepete mwa ubongo m'zigawo zosachepera ziwiri. Zithunzi zimene zinakhazikitsa chizindikirochi zambiri zinajambulidwa ndi makina a 1.5 Tesla kapena kuposa. Makina amene anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008, makamaka chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, anali a 0.35 Tesla. Komanso kuwala kwa m'mphepete kumatha kuoneka mwa munthu amene wangokomoka kwa nthawi yaitali kapena amene shuga wake anatsika kwambiri.

Sindikunena kuti CJD kulibe kuno. Palibe chifukwa choganizira kuti puloteni wa Mmalawi sangapindike monga wa Mjeremani, ndipo dziko limene silimayeza ubongo wa omwalira silingamve za matendawa ngakhale alipo. Dzina lolondola lili ndi phindu lake ngakhale mankhwala palibe. Banja limaleka kugulitsa mbuzi ndi njinga pofunafuna chithandizo, ndipo agogo amene ayamba kulankhula zosamveka sakutonzedwa kuti ndi mfiti. Chipatala nacho chimadziwa kuti zida zimene zakhudza ubongo wa wodwalayo sizingayeretsedwe ndi kuphika kwa masiku onse, chifukwa prion amapirira kutentha kumene kumapha tizilombo tina.

Koma dzinali likaperekedwa molakwa limatseka zitseko. Wodwala amene failo yake yalembedwa CJD amayamba kuopedwa, satengedwanso madzi a pamsana kachiwiri, ndipo amatumizidwa kunyumba. N'chifukwa chake ophunzitsa m'makoleji athu angachite bwino kuwerengetsa nkhani ya Hermann chafutambuyo, kuyambira pa mfundo yakumapeto ija, n'kuilembera mndandanda wake wa kuno: HIV, CrAg, TB, chindoko, shuga, chithokomiro, mavitamini a gulu la B, mankhwala amene wodwala akumwa, ndi boma limene wachokera. RT-QuIC ibwere pambuyo pake, kwa ochepa amene zonsezi zapezeka zopanda kanthu koma akupitirizabe kufooka sabata ndi sabata.