Cikondi pa Nthawi ya Nkhondo: Za Buku la Mia Couto

Atsogoleri anzanga, mabuku osimba za cikondi ca makedzana ine ndimawayesa ndi funso limodzi. Mutacotsamo nkhondo ndi mafumu, kodi mnyamata ndi mtsikana uja akhalabe momwe analili? Ngati akhalabe momwemo, ndiye kuti mbiri ija wolemba wangoipacika ngati nsalu ya pazenera.

Buku la Mulheres de Cinza, limene Mia Couto anatulutsa mu 2015, lapambana mayeso amenewa. Ndi loyamba pa mabuku atatu a As Areias do Imperador. Nkhani yake ili kummwera kwa dziko lathu, masiku otsiriza a ufumu wa Gaza, Ngungunyane asanagwidwe ku Chaimite mu Disembala 1895. Imani, mtsikana wa zaka 15 wa mtundu wa VaChopi, anaphunzira Cipwitikizi ku misoni, ndipo akhala womasulira wa sajeni Germano de Melo. Germanoyo sanabwere mwa kufuna kwake, anamtaya kuno cifukwa anali nawo pa kuukira mfumu ku Porto mu 1891. Imani ali ndi alongo ake awiri: Dubula watsata Ngungunyane, Mwanatu alondera pakhomo pa Mpwitikizi. Mwaona, nkhondo yalowa m'nyumba, yakhala nawo pamphasa. Mtsikanayu sangamwetulire sajeni osampweteka mlongo wake.

Kalukidwe ka nkhani nkabwino. Mutu wina alankhula Imani, mutu wotsatira tiwerenga kalata ya Germano kwa mkulu wake, ndipo m'makalatamo tiona munthu wamantha, wosungulumwa, wosiyana ndi msilikari amene a m'mudzi amuona.

Pamene ndidandaula ndi pa anthu a m'mudzimo. Imani alankhula ngati gogo wa imvi, pafupifupi tsamba lililonse mwambi. Atate ake nawonso miyambi, amai ake miyambi. Mukabisa dzina ndi cala, simudziwa amene akulankhula. Kodi kwanu ku Mandimba kapena ku Ngauma mtsikana wa zaka 15 amatero? Amaseka, amanyinyirika, mwina amanama. Miyambiyo njokoma ndithu, koma yandibisira mtsikanayo, ndipo cikondi cake kwa sajeni sindinacione cikumera monga ndinafunira. Ndinacikhulupirira kumapeto kwenikweni, pamene iye mwini amuombera sajeni nkumuononga manja, kenaka nkunyamuka naye kukafuna cipatala. Pamenepo zocita zanena zimene mau analephera.

Bukuli ndi la Cipwitikizi, motero m'kalasi mungolisimba mu Cinyanja pang'onopang'ono. Mukatero mutembenukire ku mbiri ya kuno kwathu, pakuti nkhani zotere tili nazo. Companhia do Niassa inalamula dziko lino kufikira 1929. Ajeremani anaoloka Rovuma pa Negomano mu 1917, ndipo amuna ambiri anagwidwa utengatenga. Cuamba yomweyi inali ndi dzina la Nova Freixo masiku a atsamunda. Wophunzira akalemba zimene anamva kwa agogo ake, za mkazi wotsala yekha mwamuna atatengedwa, musafulumire kukonza zilembo. Yambani mwamfunsa kuti mkaziyo anasankha ciani caka cacitatu, pamene abale anamuuza kuti akwatiwenso, ndipo anawayankha ndi mau otani.