Masewera ndi Mpata wa Madzulo

Kawiri kawiri timamva akulu a mpingo alikudandaula kuti anyamata a makono atayika ndi njuga, nasiya masewera oyenera. Dandaulo limeneli nloona. Koma ciweruzo cakuti mitima ya anawo yaipa koposa ya makolo ao, ife sitibvomerezana naco. Tiyeni tiufunse bwino mlanduwu.

Taonani tsiku la munthu wa pamudzi m'nyengo ya dzinja. Alawirira kumunda mbanda kuca, nabwerako dzuwa litapendeka. Atasamba ndi kudya, umtsalira mpata wa ora limodzi usanagwe mdima. M'ora limenelo adzasewera ciani?

Mpira wa miyendo ngwokoma, nulimbitsa thupi. Koma ufuna anthu 22, bwalo lolambulidwa, magolo awiri ndi mpira wopopedwa bwino, ndipo kusewera kwace kutha mphindi 90. Pofika mnyamata womariza, dzuwa lalowa kale. Masewera a bawo aphunzitsa kuwerenga ndi kudekha, nafuna anthu awiri okha. Koma popanda thabwa losema muyenera kukumba maenje 32 ndi kutola timiyala 64, ndipo mvula ya usiku umodzi ifafaniza nchito yonseyo. Asungwana akonda phada cifukwa kadzenje kamodzi ndi timiyala pang'ono zikwanira, ndipo asewera podikira mphika kuti uwire. Njuga nayonso siifuna kukonzeratu: makhadi angoturuka m'thumba, ndipo masiku ano yalowa ngakhale m'lamya ya m'manja.

Cotero tiona kuti munthu wotopa sasankha masewera opambana, koma amene ali pafupi. Madzi a mvula sakwera citunda, atsata khwawa. Ndipo m'khwawa limeneli mulikupita ndalama za mcere, za sopo ndi za sukulu, akazi ndi ana natsala m'kusowa.

Nanga tidzatani? Kudzudzula kokha sikudzabweza madziwo. Mmisiri wa mumpingo aseme thabwa la bawo, lisungidwe pamodzi ndi nkhomo zace pakhonde la sukulu, kuti wofika angokhala pansi ndi kuyamba. Bwalo la mpira lilambulidwe m'cirimwe. Ndipo m'miyezi ya khasu anyamata asewere asanu uku asanu uku, mphindi 20 zokha, osayembekeza anzao ocedwa.

Tikayandikiza zabwino monga momwe zoipa zayandikira, pamenepo mau athu odzudzula adzamveka. Tikapanda kutero, mlanduwo uli pa ife akulu.