Khutu la Wojambula Nyimbo

Munthu woyenda madzulo m'makwalala a mzinda wa Zomba, kaya ku Matawale, kaya ku Chinamwali, nthawi zina amamva kanyimbo kalikutuluka pa zenera lotseka. Kayamba, kaleka, kayambanso pamalo pomwe paja, kufikira kakhumi. Mlendo angayese kuti wailesi ya m'nyumbamo yaonongeka, koma si tero ai. M'menemo muli nchito: mnyamata wina wasandutsa cipinda cace cogona kukhala situdiyo, ndipo alikujambula nyimbo ya mnzace. Nchito imeneyi yafala m'Malawi monse, ndipo nyimbo zambiri zomveka m'mabasi, m'misika ndi pa maukwati zinabadwira m'tizipinda totere. Tsono nkoyenera kuiika pa muyeso, kuti cidziwike cimene ikupindulira mtundu ndi cimene ikuutayitsa. Muyesowo suli kutali, pakuti m'Zomba momwemo munajambulidwa cimbale cimene cinamveka kutsidya kwa nyanja.

NCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

Zipangizo za situdiyo yaing'ono nzowerengeka: kompyuta, maikolofoni imodzi, kiyibodi, masipika awiri ndi mahedifoni. Pa zipupa mwini wace amapacika matiresi akale, mabulangete kapena mathireyi a mazira, kuti mau asagunde khoma ndi kubwerera, ndi kumveka ngati a munthu wolankhulira m'mbiya. Poyamba amaumba cimene anyamata amati biti, ndiko kulira kwa ng'oma, besi ndi zoimbira zina, zonse zocokera m'kompyuta mwa mapulogalamu monga FL Studio kapena Cubase. Biti ikatha, woimba amabvala mahedifoni, naima pa maikolofoni, naimba motsata zimene alikumva m'makutu. Mzere umodzi angaubwereze kambiri. Pambuyo pace wojambula amasankha pamene panaimbidwa bwino, nalumikiza zidutswazo monga telala alumikiza nsaru, ndipo potsiriza amasakaniza zonse, kukweza ici ndi kutsitsa ico, kufikira liu ndi zoimbira zitakhalirana bwino.

Adani a nchitoyi ngambiri. Tambala wa pa nyumba yoyandikana salabadira kuti maikolofoni iri yotsegula. Njinga zamoto za kabaza sizileka kudutsa. Ndipo m'dzinja, mvula ikatsika m'phiri ndi kugwa pa malata, palibe cimene cingajambulidwe kufikira itakata. Magetsi akazima mwadzidzidzi, zonse zimene zinali zisanasungidwe zimapita. Ndico cifukwa cace ojambula ambiri amagwira nchito usiku, mzinda utagona. Malipiro kawirikawiri amawerengedwa pa nyimbo iri yonse, kotero kuti wofuna kudya ayenera kutsiriza msanga ndi kuitana wina.

Munthu woona mtima sangakane kuti tizipinda timeneti tabweretsa ufulu. M'zaka za m'ma 1950 nyimbo za Cinyanja zomveka pa wailesi zinali kuulutsidwa kucokera ku Lusaka, pa Central African Broadcasting Station. Kuyambira caka ca 1964, pamene wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, woimba wa ku Zomba wofuna kujambulitsa anali kuyenda ulendo wa ku Blantyre ndi kudikira kumeneko kufikira apatsidwe mpata. M'zaka za m'ma 1990 situdiyo ya Paul Banda ku Balaka inatsegulira khomo oimba ambiri amene analibe kolowera. Lero mwana wa sukulu, woimba kwaya, kapena mai wogulitsa tomato amene ali ndi nyimbo yace mumtima, angaijambulitse pafupi ndi kwao, naitumiza kwa abale ace a ku Johannesburg pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ici ncabwino, ndipo wocinyoza waiwala m'mene khomo lija linalili lopapatiza.

PAMENE PALI ZIREMA

Koma ufulu wa kujambula sunabwere pamodzi ndi luso la kumvetsera. Womvera nyimbo khumi zocokera m'masitudiyo aang'ono adzapeza kuti zambiri zibvala malaya amodzi. Nyimbo ya maliro, ya cikondi ndi ya cisankho, zonse ziyenda pa ng'oma imodzimodzi ya m'kompyuta, imene sifulumira, sicedwa, ndiponso sipuma. Woimba ng'oma weniweni amayang'ana mapazi a obvina ndi kuwatsata. Kompyuta siona munthu, ndipo woimba ndiye akakamizidwa kuitsata. Ici ndico cirema coyamba.

Caciwiri ndico kudzoza liu. Pali pulogalamu ina, dzina lace Auto-Tune, imene inatuluka ku America m'caka ca 1997, yokokera liu la woimba pa noti yoyenera likaphonya. Ikagwiritsidwa nchito pang'ono iri ngati mcere m'ndiwo. Koma ambiri amaithira ndi dzanja lonse, kufikira mwana wa ku Domasi ndi mwana wa ku Lagos amveka ngati munthu mmodzi wolankhulira m'paipi. Kunjenjemera kwa liu la munthu wacisoni, kusasa kwa liu la nkhalamba, kupuma kwa woimba pakati pa mizere, zonsezi wojambula amaziyesa litsiro nazicotsa, pamene ndizo zimauza womvera kuti woimbayo ali ndi mwazi ndi mnofu.

Cacitatu cikhudza cinenero. Cicewa ciri ndi kukwera ndi kutsika kwa liu m'mau ace: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika ilembedwa mofanana, koma khutu limaisiyanitsa. Opeka nyimbo akale anali kuyamba ndi mau, ndipo maimbidwe anali kutsata m'mene mauwo alankhulidwira. M'situdiyo ya lero biti ndiyo iyamba, kawirikawiri yotengera za ku Nigeria, ku South Africa kapena ku Jamaica, ndipo mau amapanikizidwamo monga phazi m'nsapato ya mwini. Motero pamamveka nyimbo ya Cicewa imene mwini cinenero ayenera kuimvera katatu asanadziwe cimene ikunena.

Wina angati anthu akonda zomwezo, ndipo wojambula angopereka cimene cifunidwa pa msika. Mauwa ali ndi coonadi cace, pakuti palibe wobvina pa ukwati amene amafunsa za noti. Koma anthu amasankha pakati pa zimene zaikidwa pa mkeka, ndipo woyala mkekawo ndiye wojambula. Muzu wa zirema zitatuzi ndi umodzi: wazolowera kuyang'ana pa galasi la kompyuta koposa kumvetsera munthu amene waima patsogolo pace.

CIMBALE CA KU NDENDE

M'mwezi wa August 2013 anafika pa ndende yaikuru ya Zomba Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, pamodzi ndi mkazi wace Marilena Delli, wojambula zithunzi. Brennan anali atajambulapo kale m'dziko muno anyamata a ku Balaka odziwika ndi dzina lakuti Malawi Mouse Boys, ndipo anawajambulira panja. Ndendeyo inamangidwira anthu 340, koma pa nthawiyo munali anthu okwana ngati 2,000. Akuru a ndende anawalola kulowa, iwo naphunzitsa akaidi ndi asilikari njira zopewera ciwawa. Anakhala masiku ngati 10, najambula anthu okwana ngati 60 ndi zipangizo zonyamula m'manja. Mwa zimene anajambulazo munatuluka cimbale ca nyimbo 20, I Have No Everything Here, m'January 2015, ndipo cinasankhidwa kupikisana nao pa mphotho za Grammy za caka ca 2016, coyamba cocokera m'Malawi kufika pamenepo. Mphothoyo inapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin.

M'ndende mulibe cipinda ca matiresi. Amuna anali ndi gulu lao loimba lokhala ndi magitala, koma akazi analibe coimbira cina koma ndowa ndi manja ao, ndipo poyamba anakana kuti sadziwa kupeka nyimbo. Wojambula wofulumira akadajambula gulu la amuna, napita. Uyu anadikira, ndipo akazi aja atayamba mmodzi mmodzi, nyimbo zao zinadzaza gawo lalikuru la cimbaleco. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Womvera cimbale cimeneci amayamba wadabwa ndi umphawi wace. Nyimbo zina ndi liu limodzi ndi gitala. Zina ndi mau okhaokha a akazi, wina kutsogolera, ena kuyankha. Zina sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe. Pali pamene liu liphonya noti, pali pamene mpweya uthera woimba. Koma nyimbo iri yonse iri ndi nkhope yaceyace. Mau amveka bwino, ndipo munthu wodziwa cinenero sasowa kufunsa cimene woimba alikulirira. Imodzi mwa nyimbo zogwira mtima koposa inaimbidwa ndi msilikari woyang'anira ndendeyo, ndi liu lopyapyala lokwera pamwamba pa kulira kofatsa kwa gitala. Liu lotero likadapita m'makina odzoza, likadatuluka losalala koma lakufa. Nchito yaikuru ya wojambula pano inali kusankha poimika maikolofoni, kudziwa nthawi yoyamba, ndi kuleka osaonjezapo kanthu.

Komatu cimbaleci sicisowa zirema zace, ndipo kucitamanda kokha kungakhale kunyenga woŵerenga. Tinyimbo tina tatha tisanakhwime, kotero kuti womvera atsala ngati munthu wolawitsidwa ndiwo popanda nsima. Maina a nyimbo analembedwa m'Cingerezi, ngakhale zambiri zinaimbidwa m'Cicewa, cizindikiro cakuti ogula oyembekezeka anali a kunja. Ndiponso munthu angakayike ngati a kunjawo anakopeka ndi nyimbo kapena ndi mbiri ya ndende, pakuti cisoni cimagulitsa malonda amene luso lokha silikadagulitsa. Pamene maina a opambana anali kuwerengedwa ku Los Angeles m'February 2016, akaidi oimbawo anali m'kati mwa mpanda ku Zomba. Kuyenera kunenedwa kuti ndalama zina za cimbaleco zinathandiza akaidi ena pa milandu yao, ndi kuti cimbale caciwiri, I Will Not Stop Singing, cinatuluka m'caka comweco. Koma funso litsalabe: cifukwa ninji nyimbo za akazi aja, amene anali kukhala m'mzinda momwemo ndi ojambula a kuno, zinadikira mlendo wocokera kutsidya kwa nyanja?

Sikunali koyamba kuti zicitike cotero. M'zaka za 1950 ndi 1958 Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi galimoto yonyamula makina, najambula bangwe, nyimbo za pamtondo ndi magule a m'midzi. Injini yopatsa magetsi anali kuiimika patali kuti phokoso lace lisalowe, ndipo maikolofoni anali kuigwira m'manja, kuisendeza kwa woimba amene liu lace liyenera kumveka pa nthawiyo. Kumeneko kunali kusakaniza ndi khutu ndi mkono, kompyuta isanadze. Zimene anajambula zasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa m'caka ca 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa. Pakadapanda iye, mau a agogo ambiri akadapita nao kumanda. Koma nkhokwe yosungira mauwo iri m'dziko la eni. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti mwini mudzi aleke kunola kace.

COTI WOJAMBULA ATENGEPO

Wojambula wa m'kacipinda ka ku Matawale ali ndi zinthu zimene alendo awiriwa analibe. Anabadwa m'cinenero ca oimba ace, ndipo mwina adziwa zinenero ziwiri kapena zitatu, pakuti Zomba ndi kwao kwa Anyanja, Ayao ndi Alomwe. Palibe ndege imene ikumdikira pakutha masiku 10. Makina ace, ngakhale ali ocepa, acita zambiri zimene makina a pa galimoto ya Tracey sakadatha. Cimene cimsowa ndico kudekha kwa khutu, ndipo ici sicigulidwa m'sitolo.

Kukadakhala bwino kuti woimba akafika, wojambula ayambe wazima biti, nampempha kuti aimbe nyimbo yace popanda coimbira ciri conse, kuti zoimbira zidzatsate mau. Kukadakhala bwinonso kuti tsiku limodzi pa mwezi anyamule maikolofoni, natuluka nayo m'cipinda: kwa asodzi a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, kwa oimba sikiri, beni ndi chopa, kwa nkhalamba imene yatsala yokha yodziwa kuimba bangwe m'mudzi mwace. Ngati abvutika ndi phokoso la m'mzinda, pamwamba pa phiri, kufupi ndi damu la Mulunguzi, pali bata limene matiresi sangapereke. Ndipo akajambula, alembe dzina la woimba, mudzi wace ndi tsiku. Asunge nyimboyo m'malo awiri, pakuti kompyuta imafa monga cinthu cina ciri conse. Agwirizane ndi woimbayo za umwini wa nyimbo asanasiyane, ndipo ilembetsedwe ku COSOMA, bungwe losamala za umwini wa zopekapeka, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1992.

Nchito ya biti idzapitirira, pakuti ndiyo imadyetsa ana, ndipo palibe wofuna kuiletsa. Koma zaka 50 zikadzapita, mdzukulu wofuna kudziwa m'mene anthu a ku Zomba anali kuimbira m'masiku ano adzatsegula zimene zinasungidwa. Akadzapezamo ng'oma ya m'kompyuta yokha ndi mau odzozedwa, adzabwerera ku cimbale ca ku ndende, nadzayesa kuti m'mzinda wonsewo akaidi okha ndiwo anali kuimba ndi mau aoao.