Mpira wa caka ca 1976: maina asanu ndi buku la mlendo

Okondedwa atsogoleri a makalasi a akulu,

Ambiri mwa inu mumadandaula kuti abambo sacedwa kuthawa kalasi. Amai amalimbikira, koma bambo akabwera kawiri katatu napeza phunziro la kusesa pabwalo ndi kuwiritsa madzi akumwa, basi, simumuonanso. Koma bambo yemweyo mukamupeza pamsika wa Mandimba tsiku la mpira, khutu lili pa wailesi, maina a osewera akuwachula osaphonya ndi limodzi lomwe. Tsono ife tinati, bwanji nkhani ya mpira isalowe m'kalasi? Tinayamba kufunafuna zolembedwa za caka coyamba ca mpikisano wa dziko lathu. Tinapeza zinthu ziwiri: mndandanda waufupi ndi buku lalitali. Tiyeni tiziyese zonse ziwiri.

Mndandanda uja

Moçambique analandira ufulu pa 25 Juni 1975. M'caka ca 1976 kunacitika mpikisano woyamba wa dziko lomasuka, umene pambuyo pace unapatsidwa dzina la Moçambola. Olemba za mpira amachula matimu asanu: Académica ndi Desportivo a ku Maputo, Desportivo ya ku Tete, Associação Desportiva ya ku Pemba, ndi Textáfrica ya ku Chimoio. Cikho cinapita ku Chimoio. Nkhani imathera pomwepo.

Zimenezi ndi zoona, koma ndi zoona zosalankhula. Mndandanda sunena kuti Textáfrica inali timu ya fakitale yoomba nsalu, m'tauni imene Apwitikizi ankaiti Vila Pery. Sunena kuti mphunzitsi wa timuyo anali Mário Coluna, mwana wa pa cisumbu ca Inhaca, amene anatenga cikho ca ku Ulaya ndi Benfica mu 1961 ndi 1962, natsogolera timu ya Portugal pa mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1966. Taganizani: munthu wochuka cotere anabwerera kwao, nakagwira nchito ndi anyamata a pa fakitale, kutali ndi likulu. Kodi imeneyi si nkhani yoti kalasi ingacezere madzulo onse?

Pitirizani kuwerenga mndandandawo. Mu 1977 ndi 1978 inapambana Desportivo ya ku Maputo, mu 1979 ndi 1980 Costa do Sol ya komweko. Mu 1981 cikho cinapita ku Beira, kwa Têxtil do Púnguè, timu inanso ya nsalu. Kucokera 1982 mpaka 2003 sicinatulukenso mu Maputo, kufikira Ferroviário ya ku Nampula inacitenga mu 2004. Mndandanda sufunsa cifukwa cace. Koma ife tikumbuka kuti zaka zambiri mwa zimenezi, mpaka pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, misewu ndi njanji zinali za nkhondo. Timu ya kumpoto ikanayenda bwanji?

Coipa cacikulu ndi ici: mwa maina asanu aja mulibe la ku Niassa. Mwana wowerenga lero angaganize kuti kuno mu 1976 kunalibe mpira. Pitani mukanene zimenezo kwa agogo a ku Cuamba kapena a ku Massangulo, akakusekani.

Buku la mlendo

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nuno Domingos, Mpwitikizi wofufuza za cikhalidwe ca anthu, anatulutsa ku Lisboa mu 2012 buku lakuti Futebol e Colonialismo, ndipo mu 2017 linatulukanso m'Cingelezi. Bukuli licita zimene mndandanda ulephera. Silifunsa kuti anapambana ndani, koma kuti ankaloledwa kusewera ndani, pa bwalo liti, ndipo ankasewera motani.

Lionetsa kuti ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, kunali mabungwe awiri a mpira: la m'tauni ya azungu, ndi la anthu akuda a m'makomboni, Associação de Futebol Africana, limene linayamba mu 1924 nathetsedwa mu 1959. Malamulo a mpira anali amodzi, koma moyo wa osewera unali wosiyana: ena ankadzuka ndi mantha a cibalo ndi a citupa, ena ai. M'makomboni amenewa ndimo munakulira Eusébio, amene anapita ku Benfica kumapeto kwa 1960.

Cimene catikondweretsa koposa ndi pamene bukuli liyambira. Liyambira pa mau. Mu 1955 mlakatuli José Craveirinha analemba m'nyuzi ya O Brado Africano mau a Cironga amene osewera a m'makomboni ankanena pa bwalo. Limodzi ndi pandya, pamene mapazi a anthu awiri amenya mpira nthawi imodzi, mpira nulira ngati waphulika. Lina ndi beketela, pamene wosewera aika phazi pa mpira mwadala kuti mnzace womenya adzipweteke yekha. Mau otere m'buku la malamulo mulibe. Domingos awatenga, nafunsa osewera akale, naonetsa kuti ucenjezi ndi nkhanza za pa bwalo zinali zofanana ndi za moyo wa m'komboni, mmene munthu ankapulumuka cifukwa ca kucenjera. Ngakhale nkhani ya asing'anga ndi mankhwala a pa golo saibisa, ndiponso saiseka. Apa tikumuyamika.

Pamene bukuli licepa

Koma tisaombe m'manja mopitirira. Coyamba, dzina la buku m'Cipwitikizi lichula Moçambique, koma nkhani yace ndi ya mzinda umodzi wa kumwera. Mlembi ali ndi ufulu wosankha munda wace, inde. Koma wowerenga wa kuno adziwe kuti Lourenço Marques si dziko lonse. Mpira wa pa misyoni, wa anyamata a pa njanji ya ku Nova Freixo, amene lero ndi Cuamba, wa m'midzi ya m'malire, umenewu ukudikirabe mlembi wace.

Caciwiri, nkhani yace ndi ya nthawi ya atsamunda. Likutifikitsa pa khomo la 1976, nkutisiya pomwepo. Funso lakuti zinatheka bwanji kuti cikho coyamba ca ufulu cipite kwa anthu a pa fakitale ya ku Chimoio silili m'munda wace.

Cacitatu, cilankhulo cace ndi ca ku yunivesite. Ngakhale amene Cipwitikizi acidziwa bwino adzatuluka thukuta. Musayese kuliwerenga m'kalasi. Mudzatsala nokha ndi bolodi.

Cacinai ndi cenjezo kwa ife owerenga. Munthu akamaliza buku lotere amayamba kuona atsamunda m'ciliconse, ngati kuti aliyense wochera mnzace mwendo ankabwezera cibalo. Ai ndithu. Atsamunda anapita kalekale, koma pa mabwalo athu anthu akuthyolanabe miyendo. Zina ndi mbiri, zina ndi mtima wa munthu cabe. Kalasi yabwino isiyanitse ziwirizi.

Tsono ticite ciani?

Maganizo athu ndi awa: mndandanda tiusunge cifukwa ca zaka ndi maina, koma njira titenge ya Craveirinha. Iye sanadikire kuti wina wa ku Lisboa adzamulembere. Anapita pa bwalo, nachera khutu, nalemba.

Ife mau tili nao. Kudoda, njomba, kucinya, goloboyi, cikulunga. Tayesani kulemba pa bolodi mpi-ra, njo-mba, ci-ku-lu-nga. Muona kuti mp, nj, mb ndi ng, zimene zimavuta ophunzira atsopano, zonse zili momwemo, ndipo bambo amene amagona pa phunziro lina pano adzatsutsana nanu za tanthauzo. Musiyeni atsutse, kenaka mumpatse coko alembe yekha. Ku Ngauma funsaninso mau a Ciyao, ku Cuamba a Cimakuwa, ndi a Cipwitikizi amene tinawapinda kukhala athu. Ena amati timu, ena ekipa. Lembani onse awiri, pakuti mau amenewa akuonetsa kumene munthu anamvera mpira wace.

Pali cinanso cimene mlembi wa ku Maputo sangacidziwe msanga. Pa nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anaolokera ku Chiponde ndi ku Mangochi. Mpikisano wa Super League wa ku Malawi unayamba mu 1986, ndipo anapambana ndi Bata Bullets. Conco musadabwe mukapeza mkulu wa ku Mandimba wodziwa Bullets ndi Wanderers koposa Textáfrica. Musamudzudzule kuti sakonda dziko lace. Imeneyonso ndi mbiri yathu, ilembedwe mmene iliri.

Pofunsa akuluakulu, gwirani mafunso ocepa. Mu 1976 munkasewera pa bwalo liti? Mpira weniweni ankabwera nao ndani? Nkhondo itafika, bwalolo linasanduka ciani? Mutabwerera, munayambanso liti? Lembani zimene munthu anaona ndi maso ace pa tsamba lina, zimene anangomva pa tsamba lina, pakuti nkhani ya mpira imanenepa ikamayenda, cigoli cimodzi cimasanduka zisanu. Ndipo musalembe dzina la munthu asanakuloleni.

Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1976 anabadwa mu 1956. Werengani nokha zaka zace lero. Mário Coluna anamwalira mu 2014, koma iye ali ndi omulemba ambiri. Goloboyi wa pa Mandimba wa caka cimeneco ali ndi inu nokha ndi kope lanu. Madzi akatayika saoleka. Zimene mudzalemba titumizireni, tidzazisindikiza m'masamba ano ndi dzina la kalasi yanu.