Alembi otola mawu panjira

Ndimawavulira chipewa alembi amene amatola nkhani pamalo pamene enafe timangodutsapo: pamjigo, kuchigayo, pamaliro anthu akuchezera moto usiku.

Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, sanapite kutali kukasaka nkhani. Buku lake la Nthondo, lomwe linatuluka mu 1933, limangotsata moyo wa munthu mmodzi wa kumudzi, kuyambira kubadwa, ubwana wosamva, ufumu, mpaka imfa. Zimene anzake ankaziona ngati zawamba, iye anazisunga papepala, ndipo mu 1934 T. Cullen Young anazimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa.

Luso limeneli limayambira m'khutu. Ndinakhalapo m'minibasi pafupi ndi bambo wina wa jekete yothetheka m'zigongono. Mayi wonyamula dengu la usipa atalimbana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji, tonse tinangoseka. Bambo uja anasolola cholembera, nalemba mawu a mayiwo kuseri kwa lisiti, galimoto ikudumpha m'maenje, zilembo zikupita uku ndi uku. Sanakonze liwu ndi limodzi lomwe, ndipo pamenepo ndi pamene anandigwira mtima, poti Chichewa cha mayi wokwiya sichifuna kuthira mchere.

Kunyumba ntchito imakula: kufufuta, kulembanso, kuwerenga mokweza mpaka chiganizo chimveke ngati chatuluka pakamwa pa munthu. Ndalama zake n'zochepa, koma alembi otere sasiya.

Inu awerengi, mukapeza buku la Chichewa pamsika, gulani, mukawawerengere ana madzulo ano.